Mbuzi Zanga ndi Masters ya Madam Tchale

Abale, ine Zuze wa pa Ngabu ndachitapo zamanyazi zambiri, koma iyi ndikaikumbuka ndimalakalaka ng'ona ya mu Shire itangondimaliza. Khalani pansi mumve.

Kwathu kuno munthu akafika pakhomo atatchena, foni yaikulu kumanja, n'kuyamba kufunsa kuti mumadya kangati pa tsiku, aliyense amadziwa kuti kukubwera chimanga. Madzi osefukira anatiphunzitsa zimenezo. Ndiye nditamva kuti Madam Tchale, wachiwiri kwa ahedi pa sekondale yathu, akuyenda m'makomo kufunsa makolo mafunso, mutu wanga unathamanga kuposa mmene unkathamangira mu Sitandade 3, momwe ndinalekezera.

Mbuzi zonse ndinazitsekera kuchipinda. Njinga yanga ya kabaza ndinakaibisa kubafa. Ndinavala malaya a kudimba, obooka kumsana. Mwana wanga ndi mmodzi yekha, wandevu kale, amadula nzimbe ku esiteti, choncho ndinakabwereka ana kwa aneba. Ndinasankha oonda okhaokha.

Madam anafika thukuta lili kamukamu.

"Bambo Zuze, ine ndikuchita Masters. Mkati mwa sabata ndimaphunzitsa, Loweruka ndimakhala mwana wasukulu ku yunivesite. Ndikufufuza chimene chimachititsa ana kusiyira sukulu panjira. Palibe thandizo lililonse, mwamva?"

"Ndamva, madam."

Mumtima ndinaseka. Onse amayamba choncho, kuti aone oona mtima.

"Ndipo dzina lanu silituluka."

"Aaa, lituluke, madam! Zuze Alufandika, kuseri kwa chigayo. Asakasokoneze ndi Zuze wina uja, ameneyo ndi wabodza!"

Anayatsa foni kuti ijambule mawu, ine n'kuyamba nyimbo. Ndinati madzi anakokolola mbuzi zanga zonse. Ndinati mayi a anawa anawolokera ku Mozambique osatsanzika. Ndinati ana onsewa anasiya sukulu posowa yunifolomu, ndipo timagonera nyika, timizu tija tokumba m'dambo.

Nthawi yomweyo tonde wanga kuchipinda: meeee!

"Kodi chimenecho n'chiyani?"

"Wamng'ono kwambiri uja, madam. Chifuwa chamuvuta."

Madam anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Supervisor wanga wakhala akundibwezera chapter four, akuti mulibe umboni wogwira mtima. Bambo, interview yanuyi yandipulumutsa."

"Takhuta, zikomo kwambiri madam. Tidikira."

Apa ndikuuzeni za Dominga. Ndi mayi wamasiye wogulitsa nsomba zouma pamsika, ndipo ndinali ndikumufunsira banja chiyambire nyengo ya thonje. Iyeyu ndinamuuza zoona, mwina koyamba m'moyo wanga: khola lodzaza mbuzi, nyumba ya zii yopanda ana, akabwera adzangopuma. Anali atatsala pang'ono kulola. Anali atayamba kale kundiikira mlamba wa basela.

Patapita masabata, mnzanga wa kabaza anandiimitsa pamsewu.

"Zuze, madam aja akubwera kwanu ndi gulu la anthu, asenza katundu!"

Si ndinanena! Ndinapalasa ngati ndaba njingayo. Mbuzi kuchipinda, njinga kubafa, malaya obooka, ana pamzere. Ndinakhala pansi n'kugwira tsaya.

Anatulukira akuimba. Sanali a bungwe ayi. Anali amayi a mother group ya pasukulu, aja amabwezera ana m'kalasi. Madam anawatsina khutu kuti kuseri kwa chigayo kuli banja lofunika kuliona, ndipo mwini wake analola yekha kutchulidwa. Kutsogolo kwa gululo, beseni la ufa pamutu, kunali wapampando wawo.

Dominga.

Anatula beseni pang'onopang'ono. Anayang'ana ana, anayang'ana msana wanga pabowo paja, kenako anandiyang'ana m'maso.

"A Zuze, ana onsewa ndi anu?"

Madam anandiyankhira. "Onse, mayi. Mayi awo anathawa."

"Ndi mbuzi zija?"

"Zinapita ndi madzi," anatero madam mwachisoni.

Abale, taganizani. Ndikati ndine wosauka, ndiye kuti ndinanamiza Dominga. Ndikati ndili ndi mbuzi, ndanamiza Masters yonse. Ndinangoti, "Nkhani yake ndi yaitali."

Tonde sanafune nkhani yaitali. Atamva fungo la ufa anagunda chitseko kamodzi, kawiri, phwaa! Mbuzi zonse panja, imodzi ikutafuna neti yanga ya udzudzu. Zinalunjika pabeseni. Amayi kukuwa, ana kuseka, ndipo mayi wina wa m'gululo anakodola kamtsikana ka pamzere.

"Iwe Fatima! Ukutani pano? Si ndakusiya ukupita kusukulu iwe?"

Madam anakhala pa mtondo.

"Bambo Zuze, chapter ija ndatumiza kale. Supervisor anaiyamikira. Tsopano ndiyambirenso!"

"Madam, mbuzizo mungolemba kuti madzi abweza."

Palibe anaseka. Dominga anakutumula beseni lake, n'kuliika pamutu.

"A Zuze, mbuzi ndaziona, zilipodi. Koma mwamuna wobwereka ana, mawa adzandibwereketsa ine kwa aneba. Nkhabe, sindikufuna!"

Mpaka lero mlamba ndimagula pamtengo wa aliyense. Madam anamaliza Masters yawo mochedwa, anavala gauni, ndipo nditakumana nawo pa depoti ndinawafunsa ngati dzina langa lilimo m'buku lawolo.

"Ndinakuchotsanimo, bambo. Tsamba lililonse."

Ndiye ndi zimenezo: ku pulayimale ndinachoka ndekha, ku Masters anachita kundichotsa.

Ukafuna kulira umphawi, yamba wagwirizana ndi tonde.