Tsiku Limene Limbe Yonse Inandithawa

Ndikamadutsa pa msika wa Limbe ndimayenda chowerama, chipewa chitatsikira m'maso. Sikuti ndinaba kanthu ayi. Koma pali amayi ena achikulire pamenepo amene akangondiona amagundana zigongono n'kuyamba kutsokomola chifuwa chabodza. Ndaganiza zofotokoza ndekha mmene zinayendera, chifukwa nkhaniyi ikamakambidwa ndi ena imatupa. Ena afika ponena kuti ndinaphulika.

Gwero la zonse ndi msana. Ndinapita ku nkhondo ya ku Bama, yomenyana ndi Ajapani, ndili mnyamata, ndipo ndinabwerako ndi mizere iwiri ya ukopolo pamkono, jasi lachisilikali, ndi ululu pakati pa mapewa. Chipolopolo sichinandikhudze n'kamodzi komwe. Anzanga ali ndi zipsera zoonetsa pa mowa, wina amachita kuvula nsapato kuti muone pamene panali chala. Ine ndikati ndionetse zanga ndimangoloza kumbuyo, pamalo poti ngakhale dzanja langa lomwe silifikapo. Pamamveka ngati munthu wazika msomali wamoto pakati pa fupa la msana ndi phewa lakumanzere, ndiye akapeza mpata amabwera kudzaupotokola. Mwina ndi mabokosi a zipolopolo amene tinkasenza m'matope muja. Mwina ayi. Palibe anandiuzapo.

Ku chipatala ndinapita mpaka alonda a pageti anayamba kundifunsa za ana kunyumba. Dokotala ankagogoda pachifuwa, n'kumvetsera ndi kachitsulo kake kozizira. "Kokani mpweya. Tulutsani. Kokaninso." Pomaliza, "Palibe chilichonse, bambo." Anandijambulapo ndi makina aja oona mafupa, n'kundionetsa nthiti zanga zili ndandanda ngati asilikali pa perete. Wina wachinyamata anachita kundifunsa ngati ntchito ndimaikonda (ine, munthu woti ndinawoloka mitsinje mfuti ili pamutu). Kwa asing'anga nako ndinafika, ndipo ananditema mphini zambirimbiri moti msana wanga umaoneka ngati lichero. Mmodzi anati ndinabereka mzimu wa Mjapani. Ndinamufunsa kuti nanga Mjapaniyo sapukwa kwawo zaka zonsezi, iye n'kukwiya.

Matenda opanda dzina amatopetsa ndi achibale omwe. Umayamba kuona m'maso mwa anthu kuti sakukukhulupirira, ndiye umangosiya kudandaula. Ine ndinazolowera kudzikhula pa mafelemu a zitseko, pa ngodya za makoma, pa mitengo ya telefoni. Akazi anga, mai a Rozina, ankati ndili ngati mbuzi ya mphere.

Nthawi ya Chitaganya ndinali mesenjala pa ofesi ina ya amalonda m'tauni ya Blantyre, tikukhala ku Chilobwe. Tsiku lina ndikudzikhula pa chipilala cha sitolo, anandipeza Che Jafali, mnzanga wa ku nkhondo komweko amene tsopano ankayendetsa lole.

"A Kopolo, chipilalacho chakulakwirani chiyani?" anatero. "Madokotala asiyeni. Msana umafuna kuupsinja ndi chotentha. Ife a malole timadziwa."

Anapisa dzanja pansi pa mpando wa lole n'kutulutsa chitsulo chakuda chobulungira, kukula ngati chibakera, chokhala ndi kamphete pamwamba. Unali mwala wa sikelo, wa mapaundi awiri, umene anautola kuseri kwa sitolo ina.

"Muukwirire m'phulusa lamoto, muukulunge m'sokosi, muugonere pomwe pakuwawapo. Mudzandiuza."

Abale, unagwira ntchito. Madzulo omwewo ndinaugonera pa mkeka, ndipo ndinamva msomali uja ukufewa ngati kandulo. Ndinagwetsa misozi, mai a Rozina n'kumaganiza kuti ndapsa.

Koma munthu akapeza chokoma sakhuta. Ndinayamba kuganiza kuti ululu wambiri ndimaumva masana, pa njinga, nanga bwanji osayenda nawo mwalawo? Ndinadula chubu chakale cha njinga, ndinatenthetsa mwala m'mawa, n'kuitana mai a Rozina kuti andimange.

"Bambo a Rozina, mankhwala a m'nyumba amathera m'nyumba," anatero.

"Ingomangani."

"Anthu adzati mwamera linunda."

"Alekeni atero. Msana ndi wanga."

Anamanga. Chubu chinadutsa m'khwapa, kupingasa pachifuwa, mfundo kumbuyo. Mfundoyo anaimanga ali ndi mkwiyo (okwatira mukuidziwa mfundo yotere). Pamwamba ndinavala malaya ndi jasi langa lija. Masiku atatu ndinapalasa njinga ndikuimba mluzu.

Ndiiwale bwanji kunena kuti awa anali masiku aja boma litagwira atsogoleri a ndale. Asilikali achilendo anali ponseponse, anthu ankanyamulidwa pa malole kupita ku msasa wozunguliridwa ndi waya, ndipo mphekesera zinkayenda kuposa sitima. Aliyense ankadzidzimuka ndi chithunzithunzi chake chomwe, apolisi ndiye kwambiri.

Tsiku lachinayi, nditangofika pa ofesi, abwana anandituma ndi makalata a katundu ku siteshoni ya sitima ku Limbe. Pafupi ndi msika ndinapeza apolisi atatseka msewu ndi migolo, akusecha aliyense. Ndinatsika njinga n'kuima pa mzere pamodzi ndi amayi a madengu ndi abambo a matumba a makala. Mantha ndinalibe. Za mwala uja ndinali nditaiwaliratu, monga mmene munthu amaiwalira nsapato yomukwana.

Wondisecha anali wapolisi wamng'ono, ndevu zisanagwirizane zomera. Anapapasa m'matumba, m'chiuno, n'kuzungulira kumbuyo. Dzanja lake linaima. Analilowetsa cha kukhosi kwa jasi, ndipo poti sokosi inali yobooka, chala chake chinakalowa m'kamphete kaja, kofanana ndi ka bomba loponya ndi manja. Ndinangomva mfuu m'khutu mwanga.

"Bomba! Bwana, bomba! Latentha kale!"

Tsono mumve. Msilikali akamva mawu amenewo safunsa mafunso, thupi limayamba lokha. Ndinataya njinga, n'kudzigwetsa chafufumimba, n'kukuwa ndi mawu anga a ukopolo, "Gonani pansi nonse! Phimbani mitu!" Madengu anauluka, tomato mbwee mumsewu, nkhuku zikulira. Ndinadzutsa mutu pang'ono kuti ndione kumene kuli bombalo, osaliona. Ndinaona ngalande m'mbali mwa msewu mmene munabisala amayi anayi, ndiye ndinakwawa ndi zigongono monga anatiphunzitsira, n'kugweramo.

Amayi aja anatulukamo ngati mbewa zothiridwa utsi.

Ndinaganiza kuti mwina aona kuti bombalo lili m'ngalandemo. Ndinatuluka nanenso, n'kukwawira kuseri kwa ngolo ya nthochi kumene kunali abambo awiri. "Musadzuke, anzanga," ndinawalangiza. Mmodzi anangoti "Mayo ine!" ndipo onse awiri analiyatsa liwiro, wina kusiya nsapato. Kachitatu ndinalunjika kwa wapolisi wamng'ono uja, amene anali atabisala kuseri kwa mgolo, kuti ndimufunse komwe analiona. Mwana wa eni ake anakwawa chobwerera m'mbuyo uku akuitana amake.

Apo m'pamene ndinayang'ana bwinobwino. Msewu wonse unali mbee, pakati pake ine ndekha. Anthu anali ataunjikana kutali, m'makonde a masitolo. Ndipo kuseri kwa galimoto ya apolisi kunasuzumira mfuti zitatu, zonse zikuloza malo amodzi. Ndinamva kutentha kwa mwala uja pamsana, ndipo ndinazindikira kuti bombalo ndine.

Mzungu amene ankalamulira apolisiwo anakuwa m'Chinyanja chake chothyokathyoka. "Iwe! Imirira! Manja kumwamba!"

Ndinaimirira. Dzanja lamanja linakwera bwinobwino. Lamanzere, la mbali yodwalayo, silipitirira phewa kuyambira kalekale, ndiye linangoima pakati ngati ndikuimitsa basi.

"Onse awiri!"

"Silikwera, bwana!"

Ndinamva mfuti ina ikukokedwa. Phokoso limenelo ndimalidziwa, ndipo kuseka kunalibe pamenepo. Ndinaganiza za Rozina ndi azing'ono ake. Ndinaganiza kuti ndapulumuka nkhalango za ku Bama kuti ndidzafere pa tomato ku Limbe, kapena kukaolera ku msasa wa waya chifukwa cha sokosi.

"Si bomba, bwana!" ndinakuwa. "Ndi mankhwala!"

Kunena zoona, mawu amenewa ndinasankha molakwika. Ndinamva akuyenda m'makonde muja, "Akuti ali ndi mankhwala! Ndi wokhwima! Chipolopolo sichilowa!" Anthu anasunthiranso kutali.

"Chotsa icho! Pang'onopang'ono!" anatero mzungu.

Ndinavula jasi. Ndinavula malaya. Ndinatsala chifuwa pamtunda pakati pa tauni dzuwa likuswa mtengo, mphini zonse poyera, chubu chitapingasa pachifuwa ngati kamisolo ka amayi. Ndinapinda dzanja kufuna mfundo ija, osaifikira. Ndinayesa cham'mwamba, ndinayesa cham'munsi, ndikuzungulirazungulira ngati galu wofuna mchira wake. Ndikatembenuzira msana kumanzere, a kumanzere ankagona pansi. Ndikautembenuzira kumanja, a kumanja chimodzimodzi.

"Anamanga ndi akazi anga, bwana! Mpaka abwere okha!"

Sindidziwa kuti zikanatha bwanji pakanapanda mai wina wogulitsa nzimbe, wamfupi, wa mpango wofiira, amene anali atakhala pa khonde lapafupi. Nditamulozetsa msana, anasuzumira, n'kudzuka, n'kumabwera ali ndi mpeni wake wodulira nzimbe. Apolisi anamukuwira kuti abwerere, iye osacheuka n'komwe.

"Taimani chilili, bambo inu, mwatichedwetsa malonda," anatero.

Anangoti chubu chija tseche. Mwala unagwa, n'kugunda chidendene changa, n'kugubuduzika mumsewu. Limbe yonse inagonanso pansi, ndi mzungu yemwe. Ine ndinkadumpha ndi mwendo umodzi.

Mai uja anautola, anauvula sokosi, n'kuukweza m'mwamba. "Bomba lake liti? Uwu ndi mwala wa sikelo!" Anaupepesa m'dzanja kawiri, nkhope n'kusintha. "Ndipo ndi woperewera. Mapaundi awiri sakwana apa. Ndi umene amatibera nawo mchere eni masitolowa!"

Kuseka kunayambira m'khonde limodzi n'kufalikira msewu wonse. Ena ankagubuduzika, ena akupukuta misozi ndi zitenje. Mzungu anatuluka kuseri kwa galimoto, nkhope ili psuu, akusasa fumbi m'mawondo. Anauyang'ana mwala, anandiyang'ana ine, analankhula mawu angapo a Chingerezi amene ndinawamva komaliza ku nkhondo, n'kuuza sajeni wake kuti athane nane.

Sajeniyo anali bambo wachikulire, wa imvi m'mbali. Ananditengera kuseri kwa galimoto, n'kundifunsa dzina, ntchito ndi nambala yanga ya usilikali, imene ndinaitchula nditaima njo, malaya ali m'manja. Ndinamufotokozera zonse, za madokotala, za Mjapani, za Che Jafali. Anamvetsera osaseka.

"Mwalawu tikuusunga ngati umboni," anatero mokweza, n'kuuponya m'thumba la jekete lake. Kenaka anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "A Kopolo, mwati m'phulusa mumaukwirira nthawi yaitali bwanji? Ine chiunochi chandisautsa chibwerere ku nkhondo ya ku Abisiniya, ndipo akuti sakuona kanthu."

Ndinamuuza kuti aziyesa kaye ndi tsaya, ndiponso kuti sokosi ikhale yosabooka. Anandigwira chanza, n'kuti ndizipita.

Makalata ndinakapereka ku siteshoni ali ndi madontho a tomato. Kenaka ndinakwera njinga kubwerera. Koma mpweya umene ndinkapuma tsiku limenelo unali wokoma ngati wogula.

Mbiri inali itandipitirira. Pofika ku Chilobwe ndinapeza mipando itatulutsidwa panja, anansi atakhala chete, amayi ena atayamba kale nyimbo ya maliro. Wina anali atabweretsa uthenga woti mesenjala wa jasi waphulika ku Limbe ndipo chatsala ndi njinga yokha. Atandiona, nyimbo inaduka pakati. Mai a Rozina anatuluka m'nyumba maso ali ofiira, anandigwira kumaso, anandigwira mapewa, n'kundizunguza kuti aone kumbuyo.

"Mwala uja uli kuti?" anafunsa.

"Wamangidwa," ndinayankha.

Anakhala pansi pomwepo n'kuseka mpaka kulira, kenaka kulira mpaka kuseka. Mawu oti "ndinakuuzani" sanawanene tsiku limenelo. Anawasunga, ndipo akhala akundipatsa pang'onopang'ono chaka ndi chaka.

Anthu atabalalika ndinakhala pa khonde, ndipo msomali uja unabwerera pamalo pake penipeni. Kwa nthawi yoyamba sindinautukwane. Ndinati bola ndili ndi msana woti uziwawa. Mpaka lero dzina la matendawa palibe walipeza, ndipo ndinasiya kulifunafuna.

Mwina mukuganiza kuti ndinaleka zomanga zinthu kumsana. Ndinalekadi, kwa milungu iwiri. Masiku ano ndimamanga lalanje losapsa. Silitentha, koma limapsinja bwino ndithu, ndipo akadzandigwiranso, umboniwo ndidzangousenda n'kudya iwo akuona.