Madala a Kunjanji ndi Msana Wawo

Lolemba

Esinati mng'ono wanga waimba foni kuchokera ku Katete. Masuku apsa, mtengo wa amayi walemera mpaka nthambi kugwira pansi. Akuti bwerani maso anga akadaona. Mwana wa a Daka, aneba athu, anyamuka pa Sondo ndi galimoto kupita komweko, malo awiri alipo. Tipita! Vuto ndi a Tembo amuna anga. Munthu sakhala pampando mpaka tiyi kuzizira. Aimirira, apita kuseri, abwerako ndi nkhope ya munthu wopeza shopu yotseka. Akuti ndi msana. Msana unasamukira liti kunsi kwa mchombo?

Lachiwiri

Akaonane ndi dokotala Sondo isanafike, basi. Ndachapa shati yoyera, ndapukuta nsapato. Aziyang'ana, avala ovolosi yawo yakale ya kunjanji. Akuti namwino wa pakiliniki ndi mtsikana wa kwaya yathu. "Ndikamuvulire buluku mwana amene ndinamuona akukwawa?" Shati ndaipachika pachitseko, iziwayang'ana.

Lachitatu

Kumsika. Ndifunsa mochenjera, ngati ndikufunsira neba. Amake Chanda ogulitsa kapenta aseka mpaka kukhosomola: "Neba ameneyo nanenso ndili naye kunyumba!" Wa tomato nayenso ali naye. Wa makala akuti wake ndi mnyamata ndithu, woyendetsa minibasi, koma akamakodza achita ngati akutulutsa tsabola. Kafue yonse amuna akubuula, aliyense akuyesa ali yekha! Azimayi andipatsa nzeru: nthanga za maungu, kukhala m'madzi ofunda, mafuta opemphereredwa.

Lachinayi

Nthanga: atafuna zonse, akuti mchere wachepa.
Madzi ofunda: akhalamo, bafa langa lochapira lang'ambika pakati.
Mafuta: adzola kumsana. Paja ndi msana!
Shati ikadali pachitseko.

Lachisanu

Ndiwatsatira kunsolo, pansi pa mtengo kuseri kwa sitesheni. Ndimati ndikapeze mnzawo mmodzi wanzeru awakokere kuchipatala. Mayo ine! Madala onse a kunjanji akusewera chiimire, nsolo aikweza pamwamba pa diramu. Benchi ilipo, pagona galu. Mmodzi wabisa pilo m'pulasitiki. Ndifunsa, onse pamodzi ngati kwaya: msana, amayi, njanji inatipweteka. Ndawauza kuti njanji yanyamula zambiri, isanyamulenso bodza lawo.

Loweruka

Chikwama ndalongedza, ndamasula, ndalongedzanso. Njinga yawo ili pakhoma, chishalo chachita fumbi. Njinga imeneyi inkanditenga kumbuyo kuchoka kwathu kuno ku Nangongwe mpaka kumtsinje, iwo akuimba mluzu, ine ndikuwatsina kuti achepetse liwiro. Lero akuti, "Pita wekha, ukandibweretsere masuku." Ndekha? Ku Katete tinachoka awiri pamwamba pa lole, mphika umodzi ndi mphasa. Ndikatsika ndekha Esinati ayamba kulira maliro asanandifunse. Ndipo ndani aziwanyoza kuno kuti adye?

Sondo

Galimoto yaliza hutala. Ndatuluka, ndapereka chitenje ndi kapenta za Esinati. Pamalo pathu akwezapo matumba a feteleza. Akhala bwino matumbawo, sapempha kuima panjira.

A Tembo aimirira pageti mpaka fumbi kutha. Kenako, maso ali kumsewu: "Amake Joyce, si msana."

Ndikudziwa, bambo. Nangongwe yonse ikudziwa.

Akuti mawa tipite kuchipatala chachikulu, kumene namwino satidziwa, ndipo wolankhula ndikhale ine, iwo azingogwedeza mutu. Shati aichotsa okha pachitseko.

Masuku adzapsanso chaka chamawa. Maso a Esinati ndiwo sindikudziwa. Ndathira tiyi m'makapu awiri, tikumwa chiimire tonse.