Khansala Amene Ankakana Kuchoka

Aliyense wa ku Woolwich, kuno ku Mangalande, amene ankawadziwa malemu a Walter Chimbalanga, khansala wa dera lathu, akuuzani chinthu chimodzi: bambo aja akabwera sankachoka. Makhansala ena ukawadandaulira amati, "Tiona," basi osawaonanso. A Chimbalanga ankati, "Ndibwera ndidzaone ndekha." Akafika n'kuliona vutolo, ankavula chipewa, n'kutulutsa fulasiki ya tiyi, n'kukhala pomwepo mpaka zinthu zitakonzedwa.

Anabwera kuno ife tisanabadwe, anayendetsa basi mpaka imvi mbuu, kenako anthu anawavotera. Foni sankaikhulupirira. "Pa foni munthu amakuvomera uku akudya bisiketi," ankatero. "Koma ukamukhalira pamaso, bisiketiyo imamutsamwa."

Mnzanga Petronella, wa ku Chipata, ndi amene anayamba kulawa. Madzi a fulati yapamwamba ankadonthera m'bafa mwake, ndiye anakadandaula. M'mawa mwake anangoona a Khansala atakhala m'mphepete mwa bafa, ambulera ili pamutu, akuwerenga nyuzi.

"Imwe a Khansala, nifuna kusamba, niyende ku nchito!"

"Kasambireni kukhitchini, mayi. Ndikachoka pano umboni uuma."

Denga linakonzedwa ndithu, koma shuga wa Petronella anatheratu. Kuyambira pamenepo, ukakumana nawo pamsika n'kukufunsa kuti kunyumba kuli bwanji, unkayankha msangamsanga kuti, "Kuli bwino kwambiri, bambo!" ngakhale makoswe akuvina m'khitchini.

Tsono yanga inali ya mu 2006, nthawi yozizira ija. Mwana wathu Mwayi anali wakhanda, ine ndili ndi bala la opaleshoni. Fulati yathu ili pamwamba penipeni, pamene nkhunda zimapumira. Ndiye lifiti, chikepe chokwerera kumwamba chija, inafa. Madokotala anali atandiletsa kunyamula zolemera, ndipo pulamu, kangolo koyendetsera mwana kaja, inkalemera ngati thumba la feteleza. Bambo a Mwayi, a Victor, ndi nesi. Ankachoka kuli mdima n'kubwera kuli mdima. Ine tsiku lonse pawindo, kuyang'ana mabasi ofiira akudutsa pansi ngati zidole. Tsiku la sikelo linafika n'kudutsa. Ndinayamba kucheza ndi firiji.

"Tikadandaule kwa eni nyumba," ndinawauza a Victor.

"Aa, iwe, tili pa pemiti ya ntchito ife. Wodandaula amaonekera. Tingopirira."

Ndinapirira. Koma Petronella pakamwa pake palibe chitseko.

Lachinayi lina ndinamva phokoso m'masitepe ngati wina akupopa njinga yakale. Kenako mawu: "Odi... kuno... odi!" Nditatsegula ndinapeza a Chimbalanga atagwira khoma, chipewa chili m'manja, thukuta kamukamu. Analowa, nadziponya pampando wa a Victor.

"Mwana wanga," anatero mpweya utabwerera, "mawondo angawa akwera komaliza. Ine ndidzatsika pa lifiti."

Nanga munthu wamkulu ungamupitikitse? Ndinagwada n'kuwapatsa tiyi. A Victor pobwera anapeza khansala ali pampando wawo, atavala masilipasi awo, akumuimbira Mwayi nyimbo ya kwaya. Tinakakumana kukhitchini.

"Achoka liti?" ananong'ona.

"Afunseni inuyo."

"Ine? Munthu wamkulu ngati uja?"

Anagona pasofa. Mkonono wawo unkagwedeza makatani. Tsopano akaidi tinali atatu: ine, mwana ndi khansala.

Loweruka lililonse a Chimbalanga ankakhala kuholo kumva madandaulo a anthu. Sabata imeneyo anamutuma Petronella kukauza onse kuti khansala akupezeka kwa a Victor, pamwamba. Anthu anakwera. Agogo achizungu ndi ndodo zawo, amayi a ku Somalia, abambo a ku Nigeria, onse wefuwefu. Wina anabwerera nkhani ya zinyalala, wina ya magetsi a mumsewu, koma pofika pakhomo panga aliyense anali ataiwala zake.

"Mwabwerera chiyani, mayi?"

"Lifiti!"

"Inu bambo?"

"Lifiti!"

Anabweranso mtsikana wa nyuzi ya m'dera, n'kuwajambula ali m'masilipasi a amuna anga. A Victor ataona kamera anakabisala m'bafa, ati pemiti ingaonekere pachithunzi.

Lolemba kunafika a Bruce, bwana wa kampani yoyang'anira mafulati athu. Tayi ili paphewa, nkhope ili psuu ngati phwetekere. Asanakhale n'komwe anayamba kufotokoza kuti chitsulo cha lifiti chikuchokera ku Germany, tidikire mwezi wamawa.

A Chimbalanga anakweza dzanja. "Pepani achimwene, muno ndi m'nyumba ya Amalawi. Mlendo sayamba nkhani asanalonjeredwe."

Tinawalonjera mmodzimmodzi, ine, Petronella, ndi amayi ena awiri a kutchalitchi. Mwayenda bwanji, kunyumba mwasiyako bwanji, nanga ana, nanga mayi. A Khansala ankamasulira zonse mosathamanga. Kenako tiyi ndi mandasi. A Bruce ankangoyang'ana wotchi. Ataimirira kuti azipita, a Chimbalanga anamwetulira.

"Kwathunso mlendo sachoka yekha, timamuperekeza. Mayi a nyumba ino akuperekezani mpaka pansi, pamodzi ndi mwana. Koma ali ndi bala, ndiye pulamu munyamula ndinu."

A Bruce anayang'ana pulamu, anayang'ana ine, n'kuvula jekete. Ine ndinabereka Mwayi kumbuyo n'kumatsika pang'onopang'ono nditagwira chitsulo, iwo patsogolo akulimbana ndi pulamu pakona iliyonse. Ulendo wonse ankangoti, "Sole, sole," osadziwika ngati akupepesa ine kapena msana wawo.

Titatuluka panja mphepo inandimenya kumaso. Inali yozizira, yonunkha utsi wa mabasi ndi tchipisi, koma ndinaipuma ngati wakumwa madzi. Misozi inangotsika yokha. A Bruce anaiona, ndipo anasiya kuyang'ana wotchi.

Pamenepo windo linatseguka kumwamba kuja, a Chimbalanga n'kusuzumira.

"Achimwene! Zikomo kwambiri! Nanga mayiwo abwerera bwanji? Pulamuyo ikwezeninso!"

Anaikweza. M'mawa mwake amisiri anafika, ndipo chitsulo cha ku Germany chija chinapezeka ku Lewisham, pafupi pompano. A Chimbalanga anavala chipewa, anabweza masilipasi, n'kutsika pa lifiti ataimirira ngati mkwati. Patapita kanthawi anakweranso, ati aiwala fulasiki. Anamwanso tiyi kaye.

Mu 2009 anadwala n'kugonekedwa m'chipatala. Tinapita gulu, n'kuzungulira bedi lawo, aliyense ndi fulasiki yake. Anali atachepa, mawu akumveka patali.

"Manje ni ise," anatero Petronella. "Sitiyenda mpaka mupole."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwaphunzira, ana inu."

Koma nthawi yoona odwala itatha anamwino anatitulutsa, ndipo ife, posakhala a Chimbalanga, tinamvera. M'mawa tinamva uthenga. Ndi ulendo wokhawo umene bambo aja anachoka zinthu zisanakonzeke.

Lifiti ija imafabe nthawi zina. Ikafa timaimba foni, mawu a makina amatiuza nambala yoti tidine, kenako amatiikira nyimbo. Khansala watsopano ndi munthu wabwino, amayankha mwaulemu kuti aona. Mwayi tsopano amatsika yekha masitepe, akundisiya kumbuyo uku akukuwa mu Chingerezi kuti ndifulumire. Pamsika anthu ayambanso kunena zoona ukawafunsa za kunyumba, poti palibe amene abwere kudzatha shuga.

Masilipasi aja a Victor sanawavalenso, ali pansi pa mpando. Ndipo ine, ndikamva munthu akupuma movutikira m'masitepe, ndimapezeka ndatereka kale ketulo.