Momwe Lusiya Anandiphera

Lolemba
Pulani yanga yayamba! Atsikana a m'kalasi langa kuno ku Zobue, ambiri ongobwera kumene kuchokera ku Malawi komwe anathawira nkhondo, angoti ndwii. Woposa onse ndi Lusiya: miyezi itatu, osatulutsa liwu ngakhale limodzi. Azakhali ake akuti akapanda kusintha amuchotsa sukulu, azikalima mbatatesi. Mankhwala ake ndi jinasitika basi, masewera olimbitsa thupi. Zida zanga:
apito (wezulo) yobwereka kwa a diretori, akulu a sukulu yathu,
buku la masewera lothothoka masamba,
nsapato zansalu zondithina.

Lachiwiri
Ndikuliza apito. Lusiya pansi chafufumimba, manja kumutu. Ena awiri chimodzimodzi. Kupusa kwanga ine, ndawakumbutsa nkhondo! Apito m'thumba, ndipo situlukanso.

Lachitatu
Ndikufuula m'Chipwitikizi, "Fila! Fila!" kuti aime pamzere. Iwo amva "fulaye", masewera awo a kumsasa wa othawa nkhondo. Chipwirikiti! Mpira wansanza watuluka m'chitenje, botolo latulukanso sindikudziwa kuti. Awiri akugenda, wapakati akuzinda uku akuthira mchenga m'botolo. Mpira ukamukhudza, onse pamodzi: "Wafa!" Mawu amenewo, kunenedwa ndi ana amene aona zimene aonazi, thupi langa lachita tsembwe. Koma eni ake akuseka.

Lachinayi
Ndikuyesanso. "Ndati fila!" Iwo: "Eya, a pulofesola, fulaye." Akuchitira dala, ndikudziwa. Buku langa aliika pansi, ndiye malire a wogenda. Koma abale, ana awa amadumpha! Ndaiwala kukwiya. Lusiya ali pakhonde, maso akutsata mpira.

Lachisanu
A diretori: "Jinasitika imeneyi ili patsamba liti?" Lomwe linathothoka lija, ndatero. Mpira wagubuduka mpaka pamapazi pa Lusiya. Wauyang'ana nthawi yaitali. Watola. Dzanja lamanzere, kugenda ngati legeni! Atatu afa motsatizana. Pakamwa pali potsekabe.

Loweruka
Tsiku losesa pasukulu. Masache aponya uko, ine andikankhira pakati. Ine, mayi wa ana anayi, nsapato zothina! Koyamba ndazinda. Kachiwiri, phaa pamsana, ine pansi khuu. Ndiye liwu lomwe sindinalimvepo chiyambire: "Mwafa, a pulofesola! Tulukani!" Lusiya ameneyo, yemwe wandigendayo. Akuseka mpaka kugwira mawondo. Ndatuluka, ndakalira kuseri kwa kalasi. Ofunsa ndawauza kuti ndi msana.

Lamulungu
Msana ukuwawa, bondo latupa, ku Misa kugwada kwandikanika. Panja pa tchalitchi azakhali ake andigwira mkono: "Mwam'tani mwana uja? Chiyambire dzulo sakutseka pakamwa, nkhani ndi ya kugwa kwanu." Mbatatesi zibadikira kaye, atero.
Apito ndabweza. Buku ndachirikizira mwendo wa tebulo. Pulani yanga yafa, inenso ndinafa dzulo ana onse akuona. Nanga nditani? Mawa ndipita kukafanso.