Bambo Sizasi ndi Mphonje za Akazi Awo

Malemu Bambo Sizasi sankatha kuona kanthu kakulendewera pa chovala cha munthu n'kukasiya. Kaya ndi ulusi wa pa batani, kaya kansalu kotsalira pa mpendero, maso awo akangokaona, dzanja linali litalowa kale m'thumba la malaya, ndipo mwini chovala ankangomva khethe! kuseri kwa khutu. Anali telala wa pa khonde la sitolo ya zitsulo, munthu wamfupi, wa ndevu zolingana ngati anazipima ndi tepi. Dzina lawo lenileni ngakhale abusa anali ataliiwala.

Tsoka linagwera akazi awo. Mwa akazi onse a m'tauni muno, mkuluyu anakasankha mayi amene ntchito yake inali yosoka zolendewera zokhazokha: mphonje za makatani, malesi a madiresi a ukwati, maliboni a tiana. Anthu ankawatchula Mayi Mphonje. Makina awo awiri ankayang'anana pa khonde lomwelo, ndipo kuyambira utsikana mpaka imvi, mayiwo anali ndi pemphero limodzi lokha, loti tsiku lina amuna awo adzaike sizasi ija pansi.

"Abambo inu, zimenezo ndi zokongoletsa!"

"Zokongoletsa zimalendewera? Imeneyi ndi ntchito yosamaliza, amayi."

"Mwiniwake wafuna choncho."

"Mwiniwake sakudziwa chimene akufuna."

Tsiku lina wapolisi wa pamsewu anaima pa khondepo kubisala mvula. Pa phewa pake panali chingwe choluka chomangira wezulo. Khethe! Wezulo inagwa n'kugubudukira m'ngalande.

"Mdala, mukudziwa kuti mwadula katundu wa boma?"

"Boma likanakhala ndi telala, silikanakutulutsani panja muli chonchi. Tatembenukani, kumsanaku kulinso kena."

Bwanayo anatembenukadi, mwina chifukwa chodabwa. Amene anapepesa mpaka pakamwa kuuma, n'kulukanso chingwe china, anali Mayi Mphonje.

Koma chimene chinawaliza misozi yeniyeni chinali cha ku tchalitchi. Anasoka nsalu ya pa guwa ya mphonje zagolide, maso mpaka kufiira, ndipo amayi anzawo anachita kubwera kudzaigwiragwira. Bambo Sizasi, monga mkulu wa mpingo, ankakhala kutsogolo, pafupi ndi guwalo. Lamulungu limenelo ulaliki unatalika. Pamene abusa ankati ameni, guwa linali litametedwa mpala, mphonje zonse zili m'thumba la jekete.

"Ngakhale m'nyumba ya Mulungu, abambo?"

"Ndinayesetsa kutsinzina, amayi. Koma zimandikodola."

Anyamata ovala majinzi ong'ambikang'ambika anaphunzira kudutsa tsidya lina la msewu. Azimayi a mipango ya mphonje ankaipinda n'kuibisa m'kwapa asanalowe kukagula misomali. Ena amalumbira mpaka lero kuti tonde wa wogulitsa makala anangodutsa pa khondepo kamodzi, n'kukafika kwawo wopanda ndevu.

Mayi Mphonje anayesa zonse. Anabisa sizasi yaikulu m'thumba la mpunga, bamboyo n'kutulutsa ya mano, ija yodula nsalu mokhotakhota kuti isasosoke. Anabisa ya mano, kunapezeka kuti kanalinso kena kakang'ono m'sokosi. Atasonkhanitsa masizasi onse n'kukawasungitsa kwa mng'ono wawo, mkuluyu anayamba kudula ndi mano akeake mpaka dzino lakutsogolo linabenthuka. Mayiwo anakawatenga okha masizasiwo, akung'ung'udza njira yonse, n'kupitiriza kupemphera.

Pemphero lija linayankhidwa, koma linayankhidwa moipa. M'mawa wina Bambo Sizasi anagwa pa mpando wa makina, sizasi n'kupulumuka m'manja mwawo. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerera kunyumba dzanja lamanja litafooka, mawu akutuluka movutikira. Mwana wawo wamkazi anatsekera masizasi onse mu sutikesi.

"Angadzicheke, amayi. Zimenezi zatha basi."

Mayi Mphonje sanabise kuti poyamba mtima unatsika. Anatulutsa makatani a mphonje amene anakhala zaka ali m'bokosi n'kuwapachika pabalaza. Anayala malesi pa mipando, pa tebulo, ngakhale pa wailesi. Kunkacha, kunkada, zonse zili momwemo, palibe chometedwa. Koma bamboyo ankangokhala pa mpando wa pa windo, mphonje zikuwakhudza pa phewa mphepo ikaomba, iwo osatembenuka n'komwe. Chakudya ankangochiyang'ana. Adokotala anali atanena kuti dzanjalo lizigwira kanthu kuti lisafereretu, koma mpira umene anawapatsa woti azifinya ankausiya kuti ugwe. Mayiwo anachita mantha. Nyumba yokongola ija inayamba kuwanyansa.

Ndiye tsiku lina, mwana atapita ku ntchito, anatsegula sutikesi ija. Kenako mayi amene moyo wawo wonse sanatulukepo panja ndi msoko wopotoka anatenga singano n'kusolola ulusi pa mkono wa bulauzi yawo, wautali ngati mchira wa khoswe. Anaika kasizasi kakang'ono pa thireyi, pambali pa kapu ya tiyi, n'kufikitsa mkonowo pansi pa mphuno ya amuna awo.

Bamboyo anayang'ana ulusiwo nthawi yaitali. Nsidze zinayamba kusonkhana.

"Amayi... mwavala chiyani?"

"Bulauzi."

"Mkazi wa telala... chonchi?"

"Ngati zikukunyansani, dziwani chochita. Ine manja anga ali ndi thireyi."

Zala za bamboyo zinakana kulowa m'mabowo a kasizasiko mpaka mayiwo anaika thireyi pansi n'kuzilowetsa okha. Anakoka ulusiwo ndi dzanja lawo kuti uwongoke, popeza sizasi siidula ulusi wolobodoka. Tiyi anazizira. Thukuta linatsika. Kenako panamveka kakhethe kofooka, ndipo tsiku limenelo Bambo Sizasi anadya mpaka kupempha zina.

Kuyambira pamenepo mayiwo anasanduka wowononga zovala zawo zomwe. Ulusi utatha pa mabulauzi, anatsitsa makatani aja n'kuwayala pa miyendo ya bamboyo, iwo akugwira mphonje imodziimodzi, amuna awo akudula. Mwana wawo atawapezerera anakalipa, koma ataona mbale ya bambo ake ili yopanda kanthu anangoitola n'kukaitsuka. Nkhani inamveka mu msewu. Anthu omwe aja ankathawira tsidya lina anayamba kubwera kudzazonda matenda atasololeratu ulusi pa kolala. Mnyamata wina anabwera ndi jinzi yake yong'ambika n'kukhala phee, ngati ali kometetsa, mpaka bamboyo anatopa.

"Mwatithera makatani onse, abambo."

"Sokani ena... ndikudikira."

Koma dzanja linkangofookerafookerabe. Ulusi umene unkaduka kamodzi unayamba kufuna kawiri, kenako katatu, kenako sizasi inkangoutafuna. Mayi Mphonje anapita nayo konoletsa, ngakhale ankadziwa bwinobwino kuti vuto silinali sizasi.

M'mawa wotsiriza anabwera ndi tiyi monga mwa masiku onse, atavala juzi yawo yotuwa, ulusi ukulendewera pa mkono wamanzere. Anafikitsa mkonowo pafupi. Bamboyo anauyang'ana ulusiwo, n'kuyang'ana akazi awo, koma dzanja silinasunthe pa bulangeti.

"Abambo, simukuuona? Taonani kutalika kwake. Ndichititsa manyazi pa msewu."

"Ndauona."

"Nanga?"

"Usiyeni, amayi... Ukukukhalani."

Mawu amene anawadikira kuyambira utsikana anali amenewo, koma atawamva anathawira kukhitchini n'kukalira mokuwa, chinthu chimene sanachite ngakhale tsiku la kuchipatala lija. Dzuwa lisanapendeke, Bambo Sizasi anali atatisiya.

Masiku ano msewu wathu wasanduka wa anthu osasamala. Makolala akusosoka, mabatani akulendewera, guwa lili ndi mphonje zatsopano zimene palibe amazicheukira. Munthu amatha kuima pa khonde la sitolo ya zitsulo mvula yonse popanda womukhudza, ndipo amachokapo akumva ngati sanaonedwe ndi aliyense. Mayi Mphonje anabwerera pa makina awo, moyang'anana ndi malo opanda kanthu. Zimene asoka tsopano zimafika kwa eni ake zamphumphu, koma iwo sazinyamulanso m'mwamba kuti azione kukongola. Amangopinda n'kupereka.

Kukazizira amavala juzi yotuwa ija. Tsiku lina kasitomala wachilendo, mayi wachifundo ndithu, anaona ulusi uja pa mkono n'kutambasula dzanja kuti authothole. Mayi Mphonje anabweza mkonowo msanga n'kuufungatira pa chifuwa.

"Ayi, mayi, usiyeni. Mwiniwake anauona kale."