Tsiku Limene Ndinaitana Apongozi ndi Dzina

Mpaka lero ndikamadutsa ku Kafue Estates pali azimayi ena amene akandiona amagwira pakamwa n'kuyang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Ndimawapatsa moni mwaulemu n'kupitirira. Ndikudziwa chimene amaseka, ndipo poti nkhaniyi inafika kale mpaka ku Katete, palibenso chobisa. Bola muimve kwa mwini wake.

Ndimagwira ntchito pa kashopu kena ku Nangongwe, kosindikiza makadi a ukwati, a tsiku lobadwa ndi mapulogalamu a maliro. Kumeneko ndi kumene ndinatengera matenda anga. Munthu akabwera kufuna khadi, ndinkafunsa dzina la wolandira, kenako n'kusaka mawu a Chingelezi amene mathero ake amamveka mofanana ndi dzinalo. Akati Joy, ine ndili kale pa boy, toy ndi enjoy. Akati Bright, ndiye light, night ndi delight. Ndikasowa ndinkafunsa foni, imene imakukhuthulira mawu ngati mtedza palichero. Ndikalumikiza mizere ingapo, makasitomala ankachoka akumwetulira. (Kupatula mayi wina dzina lake Ruth, amene ndinamuika pamodzi ndi tooth. Ndinazindikira mochedwa kuti dzino lakutsogolo analibe.)

Kutchalitchi kwathu achinyamata anandipatsa dzina loti Ba Poet, ndipo kunena zoona mutu unakula. Ngakhale Misozi, mtsikana wa mukwaya amene anandizunguza mutu chaka chathunthu, ndinamupata ndi luso lomweli. Ndinamutumizira mizere yokhala ndi rosy ndi cosy. Anaseka mpaka kutsamwa, n'kundiuza kuti ndine wopusa, koma Lamlungu lotsatira anandisungira mpando.

Zinthu zinayenda bwino mpaka malume anga, amene anali nkhoswe yanga, anapita kukafunsira mbeta kwa makolo ake a Misozi. Bambo ake, aTembo, anabwera ku Kafue ali mnyamata kudzagwira ntchito ku fakitale ya feteleza, ndipo anapumira ntchito komweko. Ndi munthu wosalankhulalankhula, woti akakhosomola nyumba yonse imakhala chete. Anawalandira bwino malume, koma yankho sanapereke. Anati adikira abale ochokera ku Katete, amene ankabwera ku phwando lothokoza Mulungu kuti mayi a m'nyumbamo akwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi. Phwando likatha, banja lidzakhala pansi n'kutiyankha.

Munthu wanzeru akanangovala bwino, kunyamula mipando, kudya pang'ono n'kubwerera kwawo. Ine ndinaona mwayi woonetsa banja lonse kuti mwana wawo akukwatiwa ndi munthu waluso.

Musaganize kuti ndinakulira kutchire. Bambo anga anali a ku Chipata, ndipo ngakhale anamwalira ndili wamng'ono, mwambo wa apongozi ndinkaudziwa. Ukakumana nawo panjira umapatuka. Suwayang'ana m'maso, sudya nawo mbale imodzi, ndipo dzina lawo sulitchula olo uli kutulo. Amayi ake a Misozi aliyense ankawaitana kuti Amake Dalitso, potengera mwana wawo woyamba. Zonsezi ndinkazitsata. Kungoti mumtima mwanga ndinkakhulupirira kuti mwambo umagwira ntchito m'Chinyanja mokha, ndipo m'Chingelezi mulibe apongozi.

Ndinayamba ndi Misozi.

"Niuzeko dzina ya ba mami," ndinatero.

"Muifunila chani?"

"Nifuna kubalembela poem."

"Lembani chabe ati Amai."

"Amai aliyense ni amai. Poem ifunika dzina."

"Imwe, musayese," anatero Misozi, n'kusintha nkhani.

Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndinangoti mtsikanayu sadziwa za luso. Ndinapita kwa mchimwene wake Dalitso, amene amayendetsa minibasi ya ku Lusaka. Ndinamupeza pasiteshoni akudikira kuti basi idzaze, miyendo ili pachiwongolero.

"Shani, mulamu?" anandilonjera.

Nditamufotokozera, anatsitsa miyendo n'kundiyang'ana ngati munthu amene watola chikwama panjira.

"Ni Grace," anatero. "Uyikemo kambili-kambili, mulamu. Bazakondwela maningi. Ukambe na pa maiki."

Ndinaiwala kuti mlamu ndi munthu amene mwambo unamupatsa chilolezo chokugwetsa m'dzenje n'kumaseka ali pamwamba. Ndinangomva dzinalo, mtima n'kudumpha. Grace ndi dzina lachonde. Face, place, race, space, embrace, mawu ankangobwera okha ngati ngumbi mvula ikagwa. Pofika kushopu ndakatulo inali itapsa kale.

Tsiku la phwando linafika, Loweruka masana. Pabwalo la aTembo anamanga tenti, ndipo anabwereka masipika aakulu a kutchalitchi. Kumanja kunakhala achinyamata athu ndi mnyamata wa kiyibodi, kumanzere azakhali ndi amalume a ku Katete, atavala zitenje zofanana. Kutsogolo kunali apongozi aakazi pampando wokutidwa ndi nsalu yoyera, aTembo ali pambali pawo. Ine ndinali mu suti yobwereka, imene manja ake ankathera pamwamba pa wotchi.

Abusa atapemphera, wotsogolera mwambo anati, "Manje tizamvela kuli Ba Poet." Achinyamata anaimba m'manja. Ndinaona Misozi, amene ankagawa zakumwa, ataima chilili ndi thireyi m'manja, akupukusa mutu pang'onopang'ono. Ndinaganiza kuti ndi manyazi a chikondi.

Cholakwa choyamba chinali cha miyendo. M'malo moima patali, ndinayenda mpaka kukaima pamaso penipeni pa apongozi, pafupi moti ndikanatha kuwerenga maluwa a pa duku lawo. Kenako ndinakweza maiki n'kukuwa ndi mawu a ulaliki:

"Grace, Grace, Grace."

Masipika aja ndi amphamvu, amamveka mpaka kumsika. Pabwalo panagwa bata. Mayi wina amene ankapakula mpunga anasiya chipande m'mwamba. Ine, mwana wa munthu, ndinati batali ndi la anthu amene agwidwa mtima, ndipo mnyamata wa kiyibodi atayamba kuliza pansipansi monga amachitira abusa akafika pachimake, ndinalimba mtima.

"Look at your shining face."

Apa ndinaloza nkhope yawo ndi chala, n'kuwayang'ana m'maso kuti uthenga ulowe. Apongozi anakoka chitenje cha paphewa n'kuphimba nkhope yonse. (Ndinaganiza kuti akulira ndi chimwemwe. Inde, ndinaganizadi choncho.)

"Nobody can take your place. You have finished well the race."

Abusa anakhosomola. Mawu omaliza mpikisano aja ine ndinawazolowera pa mapulogalamu a maliro, ndipo aliyense pabwalopo anawamvapo kumanda kokha. Ndinawaika chifukwa chakuti race ankagwirizana ndi Grace, basi. Kumanzere kunayamba manong'onong'o. Azakhali aakulu a ku Katete, alongo awo a aTembo, amene Chingelezi sachimva, anafunsa mokweza kuti, "Kodi mwanayu akuti chiyani?" Ndipo ndani anadzipereka kumasulira? Dalitso, ali chiimire kumbuyo kwawo, nkhope ili ngati ya mdikoni.

"Akuti amayi amaliza ulendo wawo," anatero.

"Amaliza? Si awa akhala apawa?"

Pamenepo kanthu kena kanayamba kundiuza kuti zinthu sizili bwino, koma ndakatulo ili ngati njinga yopanda mabuleki pamtsetse. Ndinatembenukira kwa achinyamata n'kuwauza kuti ndikakweza dzanja azibwereza dzinalo. Ana a m'tauni aja, osadziwa kanthu ngati ine, anavomera ndi mtima wonse. Dzina limene aTembo eni ake sanalitchulepo pagulu chikwatirireni linamveka Kafue Estates yonse, m'mawu anayi a kwaya.

Kenako unafika mzere womaliza, umene ndinkaunyadira kuposa yonse. Ndinatambasula manja onse awiri, suti n'kulira kumsana.

"Come, Grace, to my embrace."

"Apa akuti chiyani?" anafunsa azakhali.

"Akuti abwere awakumbatire," anatero Dalitso.

Azakhali anaika manja kumutu. ATembo anaimirira pang'onopang'ono, anakonza jekete, n'kulowa m'nyumba. Kiyibodi inazima yokha. Ine ndinatsala pakati pa bwalo manja ali chitambasulire ngati choopsezera mbalame m'munda. Magetsi a ku Kafue, amene amazima tsiku lililonse popanda kupempha, tsiku limenelo anakana kundithandiza.

Sindikumbuka mmene ndinabwezera maiki. Ndimangokumbuka Misozi akundikokera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mapoto.

"Ninakuuzani ati chani?" anafunsa. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri.

"Nenze kufuna chabe..."

"Amai. Sky, high, fly. Nanga aya si mau? Ine wamene sindine Ba Poet nayapeza apa pamene." Maso ake anali atadzaza misozi. "Ngati bakana, muzakwatila poem yanu."

Ndinabwerera ku Nangongwe wapansi, osadya ngakhale mpunga. Mantha anandigwira enieni, chifukwa Misozi ndinkamukonda, ndipo ndinaona kuti ndamutaya ndi pakamwa panga pomwe.

Malume atamva, anandikhazika pansi.

"Mphwanga, unawatchula kangati?"

"Sindinawerenge, malume. Kwaya inathandizako."

"Ukagule tambala woyera. Wamkulu. Ndipo tikakafika, pakamwa pako ndi pa ine."

Tinapita Lamlungu madzulo, abale a ku Katete asananyamuke. Sanatilowetse m'nyumba. Malume anawapatsa mpando pakhonde, ine ndinakhala pansi pafumbi, chammbali, nkhope nditalozetsa kumpanda, tambala ali m'khwapa. Malume anapepesa mwaluso, akuti mwanayu ndi wamasiye, anakulira m'tauni, sukulu inamulowa molakwika. Azakhali anandisambitsa chokweza kwa nthawi ndithu. Anati kwawo mkamwini wotere amamubweza ndi katundu wake yemwe, ndipo anafunsa ngati m'banja mwathu muli ena odwala mutu. Tambala naye anandinyerera pathalauza, ngati akugwirizana nawo.

Kenako kuseri kwa chitseko kunamveka mawu a apongozi aakazi. Sankalankhula ndi ine, ankalankhula ndi azakhali, monga mwa mwambo.

"Alamu, muwauze apongoziwo kuti anandichititsa manyazi pamaso pa anthu, ndipo asadzabwerezenso." Kenako anawonjezera kuti, "Muwauzenso kuti dzina limenelo ndinalimva komaliza amayi anga ali moyo. Ndinali nditayamba kuiwala kuti ndi langa. Tambalayo alandiridwe. Zomaliza ulendo zokhazo achotsemo, ine ndikadalipo."

Azakhali anafuna kutsutsa, koma aTembo anakhosomola, nkhani n'kuthera pomwepo. Yankho la mbeta linabwera sabata yomweyo, ndipo linali lovomera. Ndinalira, sindinama.

Patapita milungu ingapo, ndili kushopu, ndinangoona aTembo alowa. Ndinagwada msangamsanga kuseri kwa kauntala mpaka kugunda mutu pa makina osindikizira. Iwo anayang'ana kukhomo, n'kuyang'ananso kunja, kenako anayankhula motsitsa, maso ali pakhoma.

"Apongozi, mwezi wamawa ine ndi amayi anu tikumbukira tsiku la ukwati wathu. Ndikufuna khadi." Anakanda chibwano. "Mawu aja a face ndi place muikemo. Lomaliza lija, la manja lija, muikemonso. Limenelo ndi langa, silinali lanu."

Ndinasindikiza khadilo papepala lokongola kuposa onse m'shopu, koma dzina ndinasiya mpata kuti alembe okha ndi cholembera. Ngakhale makina sindinafune kuti alitchule.

Ine ndi Misozi tinakwatirana, ndipo tikukhala bwino ku Nangongwe. Dalitso mpaka lero akandiona pasiteshoni amatambasula manja onse awiri, makondakitala n'kumafa ndi phwete. Chaka chatha Mulungu anatipatsa mwana wamkazi, ndipo monga mwa mwambo tinapempha agogo ake aakazi, apongozi aja, kuti amutche dzina. Mumtima ndinkayembekeza kuti amupatsa lawo lija, kuti ndizilitchula m'nyumba mwanga tsiku lonse popanda kugula tambala.

Apongozi anamunyamula mwanayo, anamuyang'anitsitsa, n'kulankhula ndi Misozi, ine ndili pansi pakhomo.

"Dzina lake ndi Tikhalenawo. Uwauze atate ake kuti akapeza liwu la Chingelezi logwirizana nalo, abwere adzanditchulenso."

Ndakatulo za pamaiki ndinasiya, ndipo mwambo ndimaulemekeza tsopano m'zilankhulo zonse. Koma mwanayu akutha chaka mwezi wamawa, khadi lake lili pamakina, ndipo foni ndaifunsa kale kangapo. Ikungondiyankha kuti palibe chimene yapeza.