Mpando wa Azakhali mu Gemu ya Tianthu

Lolemba

Ndagula! Ndagula ndithu! 

Ndilembe bwinobwino ndisadzaiwale. Tadala, mwana wa achimwene amene ndinalera ndekha mayi ake atatisiya, akukwatiwa Loweruka lino ku Balaka. Ine azakhali ake ndili kuno ku Joni, ku Glenwood, ndikukolopa nyumba ya azungu. Pemiti yanga inatha. Ndikangodutsa pa boda ndiye kuti ntchito yatha, kubwerera kulibe. Ndiye sindipita. Ndalira mwezi wathunthu, misozi yatha, basi.

Koma taonani Mulungu! Megan, mwana wa a madamu, popita ku koleji ku Cape Town anandisiyira laputopu yake yakale. Muli gemu ya tianthu. Umapanga munthu wekha, mphuno, mimba, tsitsi, n'kumumangira nyumba, iye n'kumadya, kugona, kupita kuchimbudzi ngati ife tomwe. Chaka chonse ndakhala ndikumanga mudzi wathu m'menemo, zithunzi ndimatumizira Tadala aziseka. Achimwene alimo. Tadala alimo. Inenso ndilimo, ndinangodzichotsako mimba pang'ono.

Ndiye lero gemu yandionetsa chinthu chatsopano chogula padera: phukusi la ukwati! Ndafunsa Megan pa foni. Akuti, "Anti, gemu ili ngati nyumba. Phukusi labwino limakuwonjezerani chipinda. Koma ena amangokugulitsani makatani, chenjerani."

Ndachenjera. Ndathamangira ku shopu, ndagula vaucha, manambala ndalemba katatu chifukwa cha phuma. Zalowa!

Pulani ndi iyi. Loweruka, ola lomwelo Tadala akulowa m'tchalitchi ku Balaka, wanga wa mu gemu naye akulowa. Ine pa mpando wakutsogolo, wa azakhali. Boda ija indiletse tione!

Lachiwiri

Kuti phukusi litsike mu laputopu, tsiku lonse. Wayifayi ya a madamu sifika kuchipinda kwanga kuseri, ndiye laputopu ndaibisa pamwamba pa makina ochapira, ndaiphimba ndi thaulo. A madamu akuti, "Thauloli latentha bwanji?" Ine, "Dzuwa, madamu." Kunja kuli mvula.

Zimene zilimo:
madiresi oyera khumi ndi awiri!
keke yosanjikiza kasanu!
hatchi yokoka ngolo, ku Balaka?
nkhunda zoulutsa
tenti ya maluwa okhaokha
bambo woimba vayolini, nkhope ngati wamva uthenga wa maliro

Zimene mulibe:
chitenje cha yunifomu, ngakhale chimodzi
ankhoswe
chilangizo
thobwa
perekani-perekani!!!

Ukwati wanji wopanda perekani-perekani? Anthu aziponya chiyani, maluwa? Azungu inu.

Komabe ndavina. Diresi lachitatu lija lamukhala Tadala ngati anachita kumuyeza telala. Ndaimba nthungululu, galu wa a neba wayankha, ndakumbuka kuti kuno si kwathu. Ndatseka pakamwa ndi thaulo lomwe lija.

Lachitatu

Lero ndapanga mkamwini. Limbani sindinamuonepo maso ndi maso, ndili ndi chithunzi chake chimodzi chokha, atavala magalasi akuda. Ndiye pomwe sindikudziwa ndangowonjezera ndekha. Watuluka wokongola mopitirira muyeso. Ndalakwa pamenepo.

Ndangopita kukayanika zovala, pobwera ndampeza akukumbatirana ndi mayi wobweretsa makalata! Tianthuti ukatisiya timachita zathu. Ndamukokera m'nyumba, ndamukhazika pa sofa, ndamulangiza mokweza mpaka ketulo yawira n'kuzizira. Phukusi lilibe chilangizo, koma azakhali alipo.

A Yusufu, mlonda wa pa geti ya a neba, a ku Mangochi, andimva pa mpanda. "Mayi, mukukalipira ndani? Mwapeza bambo osatiuza?" Ndawaonetsa. Aseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Inu mwachita kugula ukwati? Ine wanga ndinaupeza ulere, ukundisautsa mpaka lero."

Nkhani ina, yosaseketsa. Tadala watumiza uthenga kuti pa mpando wakutsogolo pakhala a NaBanda, akazi achiwiri a achimwene. A NaBanda! Amene anabwera mwanayo ali kale ku sekondale! Sanachapepo thewera lake ngakhale limodzi. Chikuku chake ndinagona nacho ku chipatala ndine.

Chabwino. Ndawapanga nawonso mu gemu. Mphuno ndawapatsa imene ndawapatsa. Ndipo kuti asadzandilande malo kunonso, ndawaika m'kachipinda kosungiramo katundu, ndachotsa chitseko. Mpaka Loweruka basi. Ndawaikiramo ndi duwa limodzi. Sindine munthu woipa ine.

Lachinayi

A NaBanda amwalira.

A mu gemu! Yesu wanga, a mu gemu. Ndinaiwala kuti tianthuti timafuna chakudya. Ndili kalikiliki kusankha mtundu wa maluwa a tenti, ndangomva kanyimbo kachisoni, kwabwera chimunthu cha mkanjo wakuda, pamene panali alamu patsala kamphika ka phulusa.

Ndatseka laputopu. Ine mayi wa mu mpingo, woimba kwaya. Ndaumba munthu, nkhope yake, dzina lake, ndamutsekera, wafa. Kwathu zimenezi zili ndi dzina, sindililemba m'buku muno.

Ndaimba foni ku Balaka. Zaka zitatu sindinawaimbirepo. Alandira okha. "Alamu! Ndinu? Kwagwanji?" Ine: muli bwanji, mwadzuka bwanji, m'thupi muli bwanji, mwadya? Akuti, "Tili bwino, kungoti mutu ukundiwawa kuyambira dzulo."

KUYAMBIRA DZULO!

Ndati idyani alamu, chonde idyani. Tulukani panja mupitidwe mphepo, m'chipinda musakhalemo, chitseko chikhale chotsegula. Ndatumiza ya mankhwala, ndawonjezera ya nkhuku. Akuti, "Koma alamu, ku Joni kwakusinthani. Mtima wabwino chonchi?" Manyazi andigwira mpaka kumapazi.

Megan akuti gemu imasunga yokha zimene zachitika, kubweza sikutheka. Akungoseka mwana ameneyu. Akuti kulinso phukusi lina lodzutsa akufa. Ayi zikomo! Za akufa ndasiyira Mwini wake.

Lachisanu

A NaBanda enieni ali bwino! Mutu unali wa utsi, akhala akuphika thobwa la ukwati migolo iwiri. Aleluya! Ndakolopa nyumba yonse ndikuvina, a madamu mpaka anunkhiza kapu yanga ya tiyi.

A mu gemu nawonso abwerera. Mzukwa! Obiriwira, oonekera mkati ngati botolo, akungodutsa m'makoma. Chitseko sakuchifunanso. Chodabwitsa n'chakuti sanandikwiyire. Atsuka mbale zonse, akonza mpope wodontha, kenako aima pafupi ndi kaine ka mu gemu akukamwetulira. Bola akanandimenya.

Masana pa nthawi yanga yopuma tayeserera ukwati:
hatchi yakana kulowa pa geti
achimwene alowa m'dziwe losambira atavala suti
Limbani wayatsa chitofu, moto buu, theka la tenti lapsa
keke wadya mayi wa makalata uja, anamuitana ndani?
wa vayolini wakomoka ndi utsi
nkhunda zokha ndi zimene zagwira ntchito yake

Ndaseka mpaka m'nthiti kuwawa.

A Yusufu akufunsa ngati phukusili ndapindula nalo, iwo akuti ndangotaya ndalama. Ndaganiza kaye. Chaka chatha Megan anandiikira la nkhuku ndi dimba, lotchipa zedi. Mpaka lero m'mawa uliwonse ndimatola mazira ndisanayambe ntchito. Nkhuku iliyonse ili ndi khalidwe lake, ina imathamangitsa achimwene. Limene lija silitha, umalipeza likukudikira. Ndiye chipinda chimene amanena Megan. Ili la ukwati ukaona madiresi onse kamodzi, wamaliza. Koma ndawauza kuti a Yusufu, dikirani mawa. Ine sindinagule hatchi. Ndagula mpando.

Loweruka

A madamu andimasula m'mawa. Ndasamba, ndavala chitenje cha yunifomu chimene Tadala ananditumizira pa basi, duku, nsapato za ku tchalitchi, pafyumu. M'chipinda ndekha! Thobwa langa ndaphika m'kapoto. Laputopu pa tebulo, ine pa bedi, msana chilili.

Teni koloko. Ndadina.

Tadala wanga akubwera, diresi lachitatu, woyera mbee! Limbani kulibe. Ndamupeza wagona pa kapinga, akuti watopa. Ndamudzutsa, wagonanso. Pomwe ndikulimbana naye, kaine kadzuka pa mpando, kakuthamangira ku chimbudzi. Iwe, pirira! Sikamva. Pobwera, pa mpando pali munthu. Wobiriwira.

Ndadina kuti achoke. Ndadinanso. Mzukwa sulamulidwa. Kaine kakaima kumbuyo pafupi ndi hatchi.

Eish. Ukwati wogula ndekha, m'mudzi womanga ndekha, mpando n'kupitabe kwa a NaBanda! Ndayamba kuseka, kenako ndapeza kuti duku lanyowa, ndikupukutira misozi.

Foni ikulira. Vidiyo. A NaBanda enieni, duku lalikulu ngati lichero. Akunong'ona, "Alamu, khalani bwino, musagwe." Chithunzi chikugwedezeka, denga, mapazi a anthu, denga, kenako chaima. Ndikuona guwa pafupi penipeni, maluwa, abusa akukonza magalasi.

Andikhazika pa mpando! Foni aitsamiritsa pa chikwama chawo, mpando wakutsogolo, iwo akhala wa pambali. Akuti, "Mwanayu munalera ndinu. Ine ndingokugwirirani kuti musaterereke."

Tadala akulowa. Wafika kutsogolo, wayang'ana pa mpando, wapinda bondo. "Azakhali."

Nthungululu ndaimba yonse, yopanda thaulo. Amve a Glenwood onse! Galu wathandiza. A Yusufu aomba m'manja kuseri kwa mpanda.

Pa perekani-perekani aitana azakhali a ku Joni. A NaBanda adzuka, avina ndi foni m'manja, ine ndikuona denga, nsapato, denga, nsapato, ndikuvina nawo pakati pa bedi ndi chitseko mpaka bandulo yawo yatha.

Lamulungu

Mawu atha, ndikungonong'ona. Ku kwaya ndangoyendetsa milomo.

Laputopu ndinaiiwala yoyaka dzulo. Tadala wa mu gemu sanakwatiwe, walowa ntchito yozimitsa moto. Limbani wasamukira kwa mayi wa makalata. Apite. Limbani weniweni ndinamuona dzulo, ndi wamfupi, makutu ngati zogwirira poto, ndipo diso lake silichoka pa Tadala. Ameneyo ndi wathu.

Phukusi lija: madiresi khumi ndi limodzi sanavalidwe. Tenti phulusa. Hatchi ikudya kabichi m'dimba langa, nkhuku zaleka kuikira chifukwa cha mantha. Makatani, Megan ananena. A Yusufu ndiwauza mawa kuti apambana.

Masana uthenga wa alamu walowa. "Tadala akuti muli ndi mudzi wathu wonse mu kompyuta. Inenso ndilimo? Munditumizire chithunzi ndidzione."

Ndayang'ana. Alimo. Obiriwira, mphuno ija, akadali pa mpando wakutsogolo, akumwetulira.

Ndayankha kuti netiweki ikuvuta.

Ndamulembera Megan andiuze mtengo wa phukusi lodzutsa akufa lija. Andiuzenso mmene amachepetsera mphuno.